Kalata ya Atate ya m'Chitini

Mpaka lero ndikamva fungo la tepi wakuda womangira mawaya, uja womata ngati phula, ndimakumbukira atate anga. Ndi mmene manja a atate ankanunkhira m'chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, boma lathu likutchedwabe Fort Manning.

Mzungu wa esiteti ya fodya kufupi ndi Mkanda anagula injini ya magetsi. Ntchito yoika mawaya m'nyumba mwake anaipereka kwa a Jemusi, mmisiri wa ku Limbe amene anali ndi pepala la ntchitoyo. Atate anali ataphunzira kwa iwo zaka zitatu, koma pepala analibe. A Jemusi anawasiyira zida ndi lonjezo lakuti magetsi akayaka adzawalembera kalata yochitira umboni kuti ndi mmisiri, kuti azikapeza ntchito paokha. A Jemusiwo ankangotulukira Loweruka.

Masana ndinkawapititsira thobwa m'chipanda. Nyenje zinkalira m'misuku, dothi likuwotcha mapazi. Ndinkawapeza akutsika kudenga ali mbuu ndi fumbi, timabala ta waya tili m'zala monse, koma akuimba mluzu.

Tsiku loyendera ntchito, a Jemusi analawirira atavala ovolosi yochapa bwino. Galimoto ya Mzungu ndi mnzake itamveka, anawakoka atate pamkono.

"Malizani, kwera kudenga, ukangoti zii. Akadziwa kuti mawayawa wagwira ndiwe, tonse tapsa."

Atate anakwera. A Jemusi anatseka kachibowo kolowera kudengako, n'kuchotsa makwerero.

Ine ndinaima pakhonde ndi chipanda changa. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Azungu aja anazungulira zipinda zonse, akuyatsa ndi kuzimitsa, akugwedeza mitu. Kenaka anakhala pansi kumwa tiyi. Kumwamba kunamveka kachifuwa kamodzi.

"Makoswe, bwana," anatero a Jemusi akuseka, diso lili pa ine.

Ndinangokumbatira chipanda mpaka thobwa linafunda. Pamene atate ankatsika mthunzi unali utatembenuka, milomo yawo itayera, ndipo ndinachita kuwamwetsa thobwa lija.

"Ayamikira, mayi?" anandifunsa.

"Eya, atate."

Kalata inabweradi, yotayipa m'Chingerezi. Atate anaipinda bwino n'kuisunga m'chitini cha tiyi. Kawiri konse anapalasa njinga mpaka ku Fort Jameson, tauni ya kutsidya kwa malire, kukaionetsa pofuna ntchito, kawiri konse anabwerera atauzidwa kuti malo kulibe. Mvula itagwa anatenga khasu, ndipo sanagwirenso waya.

Kalatayo ndinaiwerenga patapita zaka, nditabwera kutchuthi kuchokera ku koleji. Inkati Malizani ndi wantchito womvera, wodziwa kunyamula makwerero. Basi.

"Ikuti chiyani, mayi?"

"Ikuti ndinu mmisiri, atate."

Izi sindinauzepo munthu, ngakhale abambo a mwana wangayu. Atate anamwalira akukhulupirira kuti linawakana ndi tsoka chabe.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndikanangofuula kuti kudenga kuli munthu, zonse zikanakonzeka. Tsopano ndikudziwa kuti akanangowathamangitsa tsiku lomwelo, opanda ngakhale kalata ija. Komabe kudziwako sikundipepuza. Pepala langa la ku koleji lili pakhoma, chitini chili pansi pa bedi. Dzuwa likakula, malata n'kuyamba kuthetheka, ndimamunyamula mwanayu ali mtulo n'kutuluka naye panja, pamthunzi.