Nkhope ya a Nakhumwa pa timalata ta phala

A Philip Nakhumwa anakalambira m'nyumba ya manijala wa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, akupukuta fumbi. Bwanayo ankasunga ndalama zasiliva za Agiriki akale m'kabokosi kagalasi, ndipo akalawa mowa ankayamba kuphunzitsa aliyense amene ali pafupi.

"Uyu wanyanga za nkhosayu ndi Alekizanda," ankatero. "Atamwalira, akazembe ake anagawana dziko, ena n'kuyamba kudinda nkhope zawo pa siliva kuti anthu adziwe mwini wake."

A Nakhumwa ankangoti "Inde bwana," koma mawuwo ankalowa.

Bwanayo atapuma ntchito, a Nakhumwa anatumizidwa kumunda kukakhala kapitawo wamng'ono. Posakhalitsa kapitawo wamkulu anamwalira, anthu ake n'kugawidwa kwa akapitawo atatu. Gulu la kumtsinje linagwera a Nakhumwa.

Loweruka lotsatira anakwera kabaza mpaka ku Khonjeni, kwa Mabvuto wokhoma zidebe.

"Undidulire timalata tozungulira, pakhale nkhope yanga. Uikeponso nyanga."

"Nyanga, bambo?"

"Zachifumu. Sungazimvetse."

Lolemba analengeza kuti wothyola tiyi aliyense wofuna phala la masana azionetsa kamodzi ka timalatato. Anthu anatilandira mwaulemu, n'kutitembenuzatembenuza. Mabvuto anali katswiri wa ndowa, osati wa nkhope: chimene chinatuluka chinali mbuzi yokwiya yovala kolala.

"Koma yafanana nawo," anatero mayi Sellah, amene ankathyola mzere woyamba. M'mundamo anthu anaseka mpaka madengu kugwa kumsana.

Nkhani inakafika kutchalitchi, kumene a Nakhumwa anali mkulu wa mpingo. Anzawo anawaitana kuti afotokoze za nyangazo. Iwo anayamba bwinobwino za Alekizanda, mpaka anafika ponena kuti nyangazo zinali chizindikiro cha mulungu wina wa ku Iguputo. Abusa anatseka Baibulo.

Anawaimitsa pa ukulu. Manijala watsopano naye, atamva kuti anthu ena agona ndi njala chifukwa chotaya timalata ta mbuzi tija, anawachotsa pa ukapitawo.

Akazi awo, a Lestina, sanakalipe. Anasonkhanitsa timalata tonse n'kukhomera pamene denga la khitchini linkadontha.

Masiku ano a Nakhumwa amagulitsa mapeyala pamsewu wa ku Thekerani. Ukagula awiri amakuwonjezera limodzi, n'kumati ndi mphatso yochokera kunyumba yachifumu. Anthu amalandira ndi manja awiri, ena mpaka kugwada pang'ono, poti mapeyala awo ndi okomadi.