A wa mu Rejisitala

Chilembo A ndachilemba kambirimbiri pa uphunzitsi wanga. Pa pepala la mayeso chimatanthauza kuti mwana wakhoza zedi. Pa mndandanda wa kwaya ndi wa alito. Mu rejisitala ndiye kuti mwana wajomba. Zonsezi ndinazilembapo pa dzina la mtsikana mmodzi, chaka chomwe boma linanditumiza kusukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Chintheche.

Ndinachokera kuchigawo chapakati, wamatama ngati tambala wachilendo. Kondowole ndinkadya monyinyirika, Chitonga osafuna n'kuchiphunzira komwe. M'kalasi mwanga mwa Sitandade 8 ndinaika lamulo: wolankhula Chitonga akaseseretu bwalo.

Mtsikanayo ankakhala kutsogolo. Masamu ankangowamwa ngati madzi, ndipo kukwaya yasukulu alito yonse inkatsamira pa iye. Mpunga utayamba kucha ku Limphasa, anasowa. Ine mayina ndinkaitana mutu uli pansi. Dzina likapanda kuyankhidwa, cholembera chinkadziwa kale ntchito yake. A, mawa A, mkuja A.

Tsiku lina mnzake wokhala naye desiki anaimirira n'kuyamba kufotokoza. Chichewa chinamuthawa pakamwa, n'kulowa Chitonga.

“Chitonga kunyumba kwanu!” ndinakalipa. “Tenga tsache.”

Anatuluka akulira, ndipo panalibenso wina anayerekeza kutsegula pakamwa. Aphunzitsi aakulu atandifunsa za ana ojomba mayeso a boma akuyandikira, ndinawaonetsa mzere wa ma A uja n'kunena kuti ameneyu wasiya sukulu, mwina wakwatiwa. Dzina ndinalikhwatcha ndekha, ndi rula, mzere wowongoka bwino. Pamalo pake ndinakhazikapo wina.

Zoona zake ndinazimva mayeso atadutsa. Mayi ake anagonekedwa m'chipatala, ndiye iye anapita ku Limphasa kukaingitsa mbalame kuti mpunga wabanja usathe. Basi. Kwawo sikunali kutali ayi, panjinga ndikanapita n'kubwerera tiyi asanazizire. Sindinapite. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo palibe amene ndingamuloze chala.

Chaka chatha, nditapuma kale ntchito, ndinadutsanso pa Chintheche. Ndikudikira minibasi, mayi wina wogulitsa usipa anandigwadira.

“Yewu, asambizi. Mwandiiwala?”

Asambizi ndiye aphunzitsi pa Chitonga. Ndinamuzindikira ndi mawu ake a alito aja. Anandifunsa za kumudzi, za ana, uku akundithirira usipa m'jumbo, ndalama n'kukana. Pomaliza ndinafunsa funso lopusa, loti bwanji sanabwererenso kusukulu mpunga atakolola.

Anaseka pang'ono, akuingitsa ntchentche pa usipa.

“Ndinabwera, asambizi. Yunifomu ndinachapa, ndinasita. Ndinaima pawindo inu muchiitana mayina. Ndinalindira mpaka lomaliza. Langa panalibe, ndiye ndinawerera kunyumba.”