Achemwali adalibe chaka chomalizira

Ntchito yanga yoyamba nditachoka kukoleji ndidaipeza pasukulu yomwe ndidaphunzirapo sekondale, yamishoni, cha kumtunda kwa Nsaru. Bungwe la ophunzira akale lidali litatsegula kaofesi kuseri kwa laibulale, ndipo lidanditenga ngati wophunzira ntchito. Ndidalowamo ndi tayi ndi digiri yanga ya dzulodzulo, ndikudziona ngati ndine ndidaumba njerwa za sukuluyo.

Amene ankandiphunzitsa ntchito adali mayi ena ochokera ku Lilongwe, aulemu koma osafuna zachibwana. Chaka chimenecho mphepo idali itasasula denga la hositelo ya atsikana, ndiye tidakonza tsiku loitana onse amene adadutsa pasukulupo kuti adzasonkhe. Abwanawo adandiuza chinsinsi cha ntchitoyi tsiku loyamba lomwe.

"Munthu sapereka ku nyumba, mwana wanga," adatero. "Amapereka anzake a chaka chake akumuona. Uwakhazike chaka ndi chaka, uwapikisanitse, uone matumba kutseguka."

Ndidawamvera, ndipo sadaname. Ndidalemba zikwangwani za zaka zomwe anthu adalembera mayeso a fomu folo, chikwangwani chilichonse ndi mzere wake wa mipando. Tidadinditsanso nsalu yachikumbutso, yobiriwira, yokhala ndi chithunzi cha belu la sukulu.

Nsalu imodzi ndidagulira achemwali anga aakulu.

Iwonso adaphunzira pomwepo, ine ndisanayambe ndi sitandade faifi yomwe. Bambo atamwalira, adachoka pakati pa fomu fili kukathandiza amayi fodya. Ndiwo adasoka fodya amene adandiphunzitsa ine. Chichokereni sadalowenso pageti la sukulu ija, ngakhale pamene ine ndinkaphunzirapo. Koma tikamadutsa pamsewu popita kumsika ankaima pang'ono, n'kuloza zenera lakumapeto kwa hositelo.

"Bedi langa lidali pamenepo. Tsiku lina ndidzalowa ndikalione."

Ankanena moseka, koma ankanena nthawi zonse.

Nditawapititsira nsaluyo ndidawapeza m'chigafa, manja ali bii ndi phula la fodya. Adapukuta manja kawiri asanaigwire.

"Kodi iwe, zimenezi si za omaliza?"

"Ndi za aliyense amene adadya nyemba za pasukulu paja, achemwali. Inu simudadye?"

"Ndidadya, ndi anankafumbwe omwe."

"Basitu. Mubwere."

Adakana kangapo, ine n'kumaumirira. Ndinkafuna andione ndikuyendetsa zinthu, komanso ndinkafunadi kuti alowe pageti lija mutu uli m'mwamba. Mapeto ake adapita kwa telala wa pa Kabudula, nasoketsa diresi ndi duku lake. Usiku wa sabata yonseyo ankasenda mtedza kuti chikhale chopereka chawo, poti ndalama za fodya zidali zisanatuluke.

Tsikulo lidafika. Magalimoto adadzaza bwalo la mpira. Achemwali adabwera pakabaza, thumba la mtedza lili kumbuyo, ndipo ndidawaona akulowa pageti. Adayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana mitengo, diresi litawakhala bwino. Ndidakondwa kwambiri. Ndidawakupizira dzanja ndili patali chifukwa abwana ankandifuna kuzokuzira mawu.

Zimene zidachitika pakhomo la tenti adandiuza pambuyo pake ndi mtsikana wa fomu folo amene tidamuika kuti azilandira alendo. Funso lomwe tidamuphunzitsa lidali limodzi, ndipo adalifunsa mwaulemu, atagwada pang'ono.

"Mudamaliza chaka chanji, amayi?"

"Sindidamalize, mwanawe."

Mtsikanayo adayang'ana zikwangwani zanga zonse, osapeza pokawakhazika. Ndiye adawaperekeza kumbali, kumabenchi a makolo a ana apasukulupo. Iye sadalakwe. Adachita zomwe ndidamuuza.

Mwambo udayamba ngati perekaniperekani wa paukwati. Woyendetsa mwambo ankaitana chaka, nyimbo n'kulira, eni chakacho n'kunyamuka akuvina, kubwera kutsogolo kudzaponya m'beseni. Beseniyo ndinkagwira ndine. Azibambo amimba ankagwedezeka mpaka thukuta, azimayi akululutira, chaka chilichonse chikufuna kuposa chinzake.

Kenaka adaitana chaka cha anzawo a achemwali.

"Amene mudalemba fomu folo chaka chimenechi, tikuoneni!"

Adanyamuka anthu amene ndinkawamva maina kunyumba kuyambira ndili mwana: wina namwino, wina mphunzitsi wamkulu, wina wa kubanki. Apo ndi pomwe ndidafunafuna achemwali ndi maso, n'kuwapeza kumabenchi kuja. Adadzuka theka, dzanja lili pathumba la mtedza. Adayang'ana anzawowo akuvina atagwirana m'chiuno, nayang'ana chikwangwani chomwe wina adachinyamula m'mwamba. Kenaka adakhalanso pansi, n'kuyamba kukonza duku lomwe lidali bwinobwino.

Mumtima ndidati nyimbo ikangotha ndipita kukawatenga. Nyimbo idatha, ina idayamba pomwepo, ndipo beseni lidali m'manja mwanga.

Kumapeto adaitana makolo. Mabenchi onse adanyamuka, kupatula munthu mmodzi. Achemwali adalibe mwana pasukulupo, ndiye sakadaima ndi makolo. Adatsala okha pabenchi lalitali, atavala nsalu ya sukulu yawo, mpaka pemphero lotsekera.

Anthu atayamba kudya ndidawasaka paliponse. Kuhositelo sadafikeko. Thumba la mtedza ndidalipeza kukhitchini, litatsamira khoma, ndipo ophika adati mayi wina wangolisiya osanena kanthu. Mlonda wa pageti adati adatuluka wapansi anthu ali pamzere wa mpunga.

Tsikulo lidayenda bwino, aliyense adatero. Denga lidakhomedwa mvula isanagwe. Abwana adandiyamikira pamaso pa komiti. Nditawafotokozera za achemwali adati pazaka zonse zomwe agwira ntchitoyi sadaganizepo za munthu wotero. Ineyo ndiye ndinkadya naye mbale imodzi munthu woteroyo, koma polemba zikwangwani sadandibwerere m'mutu.

Tidasintha. Chaka chotsatira tidayamba kukhazika anthu potengera chaka chomwe adalowera fomu wani, ndipo kudabwera nkhope zambiri zatsopano, alimi, ogulitsa mumsika, azimayi a mvano. Ndidathamangira kumudzi ndi nkhaniyo. Ndidawapeza akuthothola mtedza pabwalo, ndipo adandimvetsera mpaka ndidamaliza.

"Mwachita bwino," adatero. Aka kadali koyamba kundiitana kuti inu.

"Ndiye mubwera, eti?"

"Denga lija likudontha?"

"Ayi, ndi latsopano."

"Basi. N'zimene ndidapitira."

Sadakalipe, ndipo mwina zikadandipepukira akadakalipa. Adandipatsa mtedza wa m'mbale kuti ndikakazinge. Diresi lija sindidalionenso, ngakhale pachingwe.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, tsopano kwina, ndipo achinyamata amene ndimawaphunzitsa amadabwa kuti ndimakwiya ndikamva wina akufunsa mlendo chaka chomwe adamalizira. Amayesa ndi nkhanza za ukalamba.

Mwana wamkazi wa achemwali adasankhidwira kusukulu yomweyo, ndipo amagona m'hositelo ija. Teremu iliyonse mayi ake amamuperekeza, atamusenzera sutikesi kuchokera pasiteji. Makolo ena amalowa kukayala mabedi a ana awo. Achemwali amatula katundu pageti, namupatsa mwanayo malangizo, n'kutembenuka. Teremu yapitayi ndidapita nawo. Mtsikanayo adawagwira dzanja.

"Amayi, tiyeni mukaone pomwe ndimagona. Ndi pazenera lakumapeto."

Ndidayang'ana pansi, ndikudikira.

"Akakuonere amalume akowa," adatero. "Ine ndidikira panopa."