Nyongolotsi mu mtima wa Adzatopa

Loweruka lapitali nditafika kwathu ku Domasi, ndinapeza amalume akunola chikwanje. Galu wawo, Adzatopa, anali atafa m'mawa womwewo. Kwa miyezi ingapo ankatsokomola ngati munthu, thupi likutha koma mimba ikutupa.

"Ndi a Majawa amenewa," anatero amalume, akuloza nyumba ya kuseri kwa nthochi. "Amudyetsa mankhwala galu wanga. Lero tionana."

Ndinawachonderera kuti tiyambe taitana alangizi a ziweto a ku Songani. Atafika, anatumbula galuyo pansi pa mtengo wa mango. Pamene anang'amba mtima, tonse tinabwerera m'mbuyo. Munali nyongolotsi zoyera, zazitali ngati ulusi, zopiringizana. Zina zinkagwedezekabe, mwini mtima atazizira kale.

"Mwaona? Zotumiza izi!" anakuwa amalume.

"Wotumidwa alipodi, bambo, koma ndi udzudzu," anayankha alangiziwo. "Ukaluma galu wodwala umatenga timphutsi, n'kukatisiya mwa galu wina, momwe timakula mwakachetechete kwa miyezi yambiri. Kodi ameneyu ankagona pati?"

Amalume analoza, ndipo dzanja lawo linatsika pang'onopang'ono. Ankamumangirira pambali pa dzenje limene anakumba chaka chatha poumba njerwa, kuti azilondera uvuni. Madzi ake anali obiriwira, ndipo pamwamba pake pankasambira ana a udzudzu.

Owerenga, ndi makomo angati m'chigwa chino amene alibe dzenje lotere? Timaumba njerwa, nyumba imaima, dzenje timaliiwala. Onjezanipo madzi odikha a m'minda ya mpunga ndi kutentha kwa kuno. Ife timabisala m'masikito, pamene mlonda wathu timamusiya panja, womangidwa, osatha ngakhale kuthawa. Mankhwala oteteza agalu alipo, koma ndani amawafunsa? Galu akafa sitifufuza chimene chamupha. Timafufuza amene wamupha, ndipo dzina limakhala lili kale pamlomo.

Masana omwewo amalume anabweza chikwanje m'nyumba, nakabwereka fosholo kwa a Majawa kuti akwirire dzenje lija.

"Pepani ndi galu wanu, achimwene," anatero a Majawa, osadziwa kanthu.

Lamulungu, ndikupita kukakwera minibasi yobwerera ku koleji, ndinadutsa kuseri kwa nthochi kuja. Ndinamva kutsokomola kouma, konga kwa munthu. Sanali munthu. Anali galu wa a Majawa, atagona pakhonde, nthiti zili pamtunda, akundiyang'ana osauwa.

Kuchokera pakhondepo, nyumba ya amalume imaoneka bwino lomwe. Kodi tsiku limene galuyo adzafe, a Majawa adzaloza kuti?