Mkate wa Radivoje Wosanyemedwa

Radivoje Pantelić sanamangepo mlatho, ngakhale wa nyerere. Yake inali ya pakamwa ndi papepala: mainjiniya akunja akalemba m'Chingerezi za mizati, zitsulo za m'konkire ndi katundu amene mlatho ungasenze, iye ankazitembenuzira m'Chisebiya kuti amisiri athu amve. Imvi zinamupeza pa ntchitoyi asanapotozepo mawu. Wotsutsa abwere adzanene pamaso!

Tsoka linadzera pa mlatho wakwawo, pa mtsinje wa Ibar. Injiniya wachingerezi anauyeza, napeza ming'alu, madzi atafukula kunsi kwa mizati. Pamsonkhano mlendoyo analankhula, Radivoje n'kumasulira: mlatho utsekedwe, ngakhale woyenda pansi asapondepo.

Kodi anthu anayang'ana mlendoyo? Ayi ndithu! Anayang'ana pakamwa pamene patuluka mawuwo.

"Kumu," anatero Živorad wa kutsidya, amene anaimirira ana a Radivoje pa ubatizo, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti kumu, "simukanafewetsako? Kamnyamata kachingereziko kakanadziwa bwanji?"

"Nanga mlathowo ukagwa ndi zidzukulu zanu, kumu?"

"Chinkhwe cha alendo inu!"

Ndiye inafika slava, tsiku la Nikola Woyera, woyang'anira banja la a Pantelić. Ku slava saitana kawiri, ukabwera kamodzi ndiwe wa chaka chilichonse, ndipo mkate wodalitsidwa Radivoje ankaunyema ndi Živorad chikwatirire. Msewu wozungulira kuphiri unali utatsekeka ndi chipale chofewa, ndiye a kutsidya analibe podzera. Stanojka, mkazi wa Radivoje, anakazinga nsomba, kuphika nyemba, kuyatsa kandulo. Mipando pululu.

Radivoje ananyamula mkatewo mpaka pa mlatho. Kutsidya kunali Živorad, suti ili m'thupi, botolo la kachasu wa rakiya kukhwapa, atatsamira chikwangwani choletsa kuwoloka. Mawu a pachikwangwanicho anamasulira ndi Radivoje yemweyo.

"Ndikuwoloka, chinkhwe!" anakuwa Živorad, mwendo uli kale pamwamba pa chotchinga. "Ine ndine wopepuka ngati nkhuku!"

Radivoje akanangokhala chete, Živorad akanawoloka. Radivoje anayang'ana mkate, anayang'ana mzati wapakati. Ming'alu yake ankaidziwa m'zilankhulo ziwiri.

"Musayerekeze, kumu! Bwererani!"

Živorad anatukwana mlatho, injiniya, boma ndi Chingerezi chomwe, mwendo n'kubweza. Kenako anatsegula botolo, n'kulikweza m'mwamba.

"Slava yabwino, mwini nyumba! Chitsiru!"

Radivoje anayankha, koma mtsinje unameza mawuwo. Anangofunditsa mkatewo ndi jekete kuti usanyowe.