Manja Anayi a Kaboni

Chaka chomwe boma linandiponya kusukulu ina kuseri kwa Chintheche, ndinkayenera kuphunzitsa a Fomu 3 za mahaidrokaboni, koma labotale kunalibe. Loweruka lina ndinaduladula chinangwa tizibenthu n'kutilumikiza ndi timitengo ta machesi. Chibenthu chachikulu chinali kaboni, tating'ono tinayi tinali haidrojeni. Ameneyo ndiye metheni, mpweya woyaka uja.

Kabenthu kotsala ndinaponya m'kamwa monga timachitira kwathu ku Mulanje. Kuwawa kwake, ndinachita kulavulira pazenera. Chinangwa cha kuno n'cha kondowole, amayamba achiviika masiku angapo chisanadyedwe. Mudzi wonse unkadziwa zimenezo, koma panalibe amene ankalowa m'nyumba mwanga kuti andiuze. Ndinapsa mtima, koma ndinasowa womukalipira.

Lolemba ndinakweza metheni wanga m'mwamba kuti onse aone. "Kaboni ali ndi manja anayi," ndinatero, "ndipo salola dzanja ngakhale limodzi kukhala lopanda woligwira." Ana analemba, kenako anatuluka akuseka zawo m'Chitonga. Ndinatsala ndekha m'kalasimo, ine wa manja awiri okha, onsewo atagwira chinangwa.