Dabulo ya Agogo Jailosi

Ndikamva fungo la fodya wa m'kaliwo, amene amabwera m'maganizo mwanga ndi agogo anga a Jailosi Phiri, ngakhale iwo sanasutepo. Fungolo linali m'makhadi awo, makhadi akuda m'mbali amene azungu a ku kalabu ya mgodi wa ku Selukwe, kudziko la Ashona, ankataya akatha ntchito. Agogo anali woperekera zakumwa kumeneko, ndipo chifukwa choima zaka zambiri kumbuyo kwa mipando ndi thireyi m'manja, anaphunzira masewera otchedwa buliji popanda wowaphunzitsa.

Lamulungu masana, makina ophwanya miyala atakhala chete, utsi wa nkhuni utayala pakomboni yonse ndipo amayi akusita yunifolomu yoyera ya agogo ndi simbi ya makala, iwo ankatulutsa bokosi lopanda kanthu la dainamaiti n'kuliika pansi pa mtengo wa bulugama. Akuluakulu a mpingo akang'ung'udza, ankangoti, "Si njuga iyi, palibe khobidi limadutsa pano."

Buliji amasewera anthu anayi, awiri mbali imodzi. Agogo ankakhala moyang'anizana ndi mnzawo wa khomo loyandikana, a Zuze, ochokera ku Tete, amene ankaboola miyala pansi pamgodi. Mbali inayo kunali a Moyo, kalaliki wa pakomboni, ndi ine Esinati. Ndinalowa m'malo mwa amalume atapita kunkhondo, mapazi anga asanayambe n'kufika komwe pansi ndikakhala pampando.

Musanaponye khadi mumayamba mwalonjeza kuti mudya kangati, ndiponso mtundu wa makhadi umene ulamulire, kaya mitima kaya mafosholo, monga tinkatchulira makhadi akuda osongoka aja. Wa mbali ina akaona kuti simukwanitsa amati "dabulo", ndipo mukagwadi, chilango chimakula. Apa ndi pamene agogo ndi a Zuze ankasiyana. Kwa agogo dabulo inali chigamulo: ndawagwira, mnzanga khala chete. A Zuze ankati malonjezo akadali pansi, dabulo ndi funso chabe: ndili ndi kanthu, koma iwe yang'ana zako usankhe, tiwalange kapena tisewere zathu. "Kumgodi sitiyatsa chingwe cha dainamaiti mnzako asanavomere," ankatero. Agogo ankayankha kuti makhadi si mgodi.

Tsiku lina a Zuze analonjeza mafosholo, ine ndi kudzikuza kwa ubwana ndinakweza n'kuti mitima iwiri. Agogo anati "dabulo" mokoma ngati akuitanira mlendo kuchakudya, chifukwa mitima yambiri inali m'manja mwawo. A Zuze, poona kuti alibe mtima ndi umodzi womwe wothandizira, anathawira ku mafosholo awo, ndipo anagwa. Ine ndinapulumuka.

Agogo anali munthu waulemu, koma akapsa mtima ankasankha mawu obaya. "Mwandichotsera nyama pakamwa pamaso pa mwana. Ndinalakwa ine kuphunzitsa masewera a nzeru munthu wongodziwa nyundo."

"Aikona, a Phiri," a Moyo anayesa kuletsa. Koma a Zuze anali ataimirira kale. Anasanja makhadi awo bwinobwino pabokosi, n'kulowa m'nyumba.

Mvula inabwera n'kupita, bokosi lili kuseri kwa chitseko. Nyumba zathu zinali zogundana khoma, choncho tinkamva zonse: supuni ikugunda mbale, nsapato zolemera zikuvulidwa, ndi chifuwa cha a Zuze chimene chinkakulirakulira. Agogo ankamva nawo, koma pokumana pampopi ankangokweza chipewa. Zinkandipweteka, chifukwa ndinkawakonda onse awiri.

Kenaka amayi anabwera ndi nkhani. Dokotala wa mgodi wapeza fumbi la miyala m'mapapo mwa a Zuze, ntchito yatha, ndipo Lolemba akwera sitima ya ku Gwelo, ulendo wa kwawo. Tonse tinkadziwa kuti opita ndi chifuwa chimenecho sabwerera. Lamulungu limenelo linali lotsiriza.

Titabwera kutchalitchi agogo anakhala pakhonde nthawi yaitali, jekete osavula. Kenaka anasenza okha bokosi lija, osandituma, n'kukaliika pakhomo penipeni pa a Zuze.

"Odi, achimwene."

A Zuze anatuluka atafunda bulangete, ataonda mpaka makutu kuoneka aakulu. Anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana agogo.

"Munthu wa nyundo angasewere?"

"Ndi amene ndabwerera. Ndipo lero dabulo yanga ndi ya anthu awiri. Mukaimva, musankhe ndinu."

Tinaitana a Moyo n'kuyamba. Dzuwa litapendeka, zinachitikanso zomwe zija. A Zuze mafosholo, ine mitima iwiri, agogo "dabulo". A Zuze anayang'anitsitsa makhadi awo, akupuma ngati mvukuto wobooka, kenaka anati, "Mafosholo awiri."

Lamulo la buliji ndi lakuti mnzake wa amene wapambana pa malonjezo amayala makhadi ake poyera kuti onse aone. Agogo anayala awo. Mitima inali ndandanda, yaikuluikulu, yokwanira kundisiya ndilibe pogwira. A Moyo anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. A Zuze anagwira pakamwa, ndipo ine ndinadikira bingu.

"Sewerani, achimwene," anatero agogo mofatsa. "Ine ndikuona anga okha. Anuwo mukuwaona ndinu."

A Zuze anagwanso, pang'ono pokha. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo agogo anazungulira bokosi n'kuwagwira msana mpaka chinaleka. Za tsiku lija sanazitchulenso. M'mawa mwake agogo anapempha kuchedwa kuntchito, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo anasenza sutikesi ya mnzawo mpaka kusiteshoni. Uthenga wa maliro unatipeza chimanga chisanache.

Amalume atabwera kunkhondo, ine ndi amene ndinakhala pamalo pa a Zuze. Tsiku loyamba kumva dabulo ya agogo ndinawayang'ana kumaso ndi mantha, kufuna kudziwa chimene akufuna.

"Usayang'ane ine, mama," anatero. "Yang'ana m'manja mwako."

Lero ndine wokalamba kuno ku Senga, komboni ya ku Gwelo, ndipo adzukulu anga amayankhula Chishona kuposa Chichewa. Makhadi sindisewera, maso anakana. Mkwiyo wa agogo ndinatengera, sindibisa, ndipo ndikatsimikiza kuti ndalondola mawu obaya amafika msanga palilime. Pamenepo ndimaona mitima ija itayalidwa pabokosi la dainamaiti, ndi dzanja la agogo pamsana wa a Zuze. Ndimameza mate, n'kufunsa mnzangayo kuti, "Nanga inu mukuona bwanji?"